Ndalama za Makampani mu Labotale ya Zakudya: Pulofesa Alandire Kapena Akane?

Sayansi ya zakudya ndi nthambi ya maphunziro imene imafufuza zimene zimachitikira chakudya kuchokera pamene chakololedwa, chakamidwa kapena chaphedwa kufikira pamene chafika pakamwa pa munthu, ndipo imasiyana ndi maphunziro a kadyedwe, amene amayang'ana zimene chakudyacho chimachita chikalowa m'thupi. Katswiri wa sayansi ya zakudya amafuna kudziwa chifukwa chimene mafuta ophikira amayambira fungo akakhalitsa, kutentha kumene kumafunika kuti tizilombo ta mu mkaka tife koma mkakawo usasinthe kakomedwe, ndiponso masiku amene nyama yophikaphika ingakhale mufiriji isanasanduke chiphe. Mafunso amenewa ndi omwenso amasowetsa tulo eni mafakitale a zakudya, choncho n'zosadabwitsa kuti pulofesa woyendetsa labotale ya zakudya pa yunivesite amakhala pafupi ndi makampani kuposa mnzake wophunzitsa masamu kapena mbiri yakale. Kuyandikana kumeneku ndiko kwabala mtsutso umene wakhala ukumveka kwa zaka zambiri, makamaka ku United States kumene mayunivesite ndi makampani a zakudya akhala akudyera mbale imodzi kwa zaka zoposa 100, ndipo funso lake ndi lakuti kodi pulofesa wotere azilandira ndalama za makampani zoyendetsera kafukufuku, kapena azizikana kuti zimene wapeza zikhale zodalirika.

Mtsutsowu sungamveke bwino kwa munthu amene sakudziwa mmene tsiku la pulofesayo limathera. Ambiri amamuganizira atavala chovala choyera, diso lili pa maikulosikopu, koma zoona zake n'zakuti munthu akafika pokhala ndi labotale yakeyake, manja amene amagwira mabotolo ndi a ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu pamodzi ndi akatswiri othandizira, pamene iye amaphunzitsa m'kalasi, amachonga zolemba za ophunzirawo, amakhala m'makomiti a yunivesite, ndipo nthawi yotsalayo amalemba zikalata zopempha ndalama. M'mayunivesite ambiri a ku America pulofesa amalandira malipiro a miyezi 9 yokha, ndipo a miyezi itatu yotsalayo amayenera kuwapeza yekha kuchokera ku ndalama za kafukufuku. Ku thumba lomwelo n'kumene kumachokera ndalama zodyera za ophunzira ake, fizi yawo, mankhwala ogwiritsa ntchito poyeza zinthu, komanso gawo limene yunivesite imatengako la magetsi, nyumba ndi maofesi, limene m'mayunivesite akuluakulu lingafike masenti 50 kapena kuposerapo pa dola iliyonse yogwirira ntchito yeniyeniyo. Amene wangolembedwa kumene ntchito amakhala ndi zaka pafupifupi 6 zoti aonetse kuti angathe kupeza ndalama ndi kufalitsa zotsatira m'magazini a sayansi, apo ayi sapatsidwa ntchito yokhazikika ndipo amayenera kuchoka. Motero pulofesa ndi bwana wolemba anthu ntchito amene alibe katundu wogulitsa, ndipo thandizo la zaka zitatu likamayandikira kumapeto amadziwa ndi mayina omwe anthu amene adzasowe malipiro ngati pempho lotsatira lakanidwa.

Ntchito ya m'labotalemo nayonso imadya ndalama mosalekeza. Muli firiji yosunga zinthu pa madigiri 80 kunsi kwa ziro, imene ikazima usiku umodzi wokha ntchito ya zaka ziwiri ingathe kuwonongeka, ndipo muli makina otchedwa HPLC, amene amakankha madzi a chinthu choyezedwa kudzera m'kapaipi kodzaza ndi timibulu tosalala kwambiri kuti zinthu zosakanikirana zipatukane n'kuwerengedwa chimodzichimodzi. Kapaipi kameneka kamatha, mankhwala osungunulira amatha, ndipo wokonza makinawo salipidwa ndalama zochepa. Kumbali ina kuli tizipinda tolawira zakudya, mmene wolawa amakhala yekha moyang'anizana ndi kazenera kolandirira mbale, nthawi zina pansi pa nyali yofiira yobisa mtundu wa chakudyacho kuti maso asanamize lilime, ndipo akalawa chimodzi amatsuka m'kamwa ndi madzi n'kudya bisiketi yopanda mchere asanalawe china, kenako amachonga pa muyeso wa masitepe 9, kuyambira pa kudana nacho kotheratu kufikira pa kuchikonda kotheratu. Palinso kafukufuku wina amene wophunzira amathira dala tizilombo ta Listeria mu soseji kapena mu tchizi, n'kuziika mufiriji ya madigiri 4, kenako n'kumawerenga tizilomboto sabata ndi sabata, popeza Listeria imaswana ngakhale pozizira pamene tizilombo tina tambiri timaleka. Kampani imene yapanga soseji yatsopano imafunitsitsa yankho la kafukufuku wotere, ndipo imakhala yokonzeka kulipira.

A mbali yovomereza ndalamazi amayambira pa mbiri ya ntchitoyo, ponena kuti sayansi ya zakudya inabadwira m'fakitale momwemo. Mu 1895 William Lyman Underwood, wa kampani ya banja lake yoika zakudya m'zitini, anapita ku Massachusetts Institute of Technology ndi vuto la zitini za nkhono za m'nyanja zimene zinkafufuma n'kuwonongeka, ndipo iye pamodzi ndi Samuel Prescott anapeza kuti gwero lake linali mabakiteriya opirira kutentha, n'kuonetsa kuti chitini chiyenera kutenthedwa kufika pa mlingo wodziwika kwa nthawi yodziwika. Zimene anapezazo anazifalitsa kuti aliyense azigwiritse ntchito. Chimodzimodzinso, anthu atafa mu 1919 chifukwa chodya zipatso za olivi za m'mabotolo zimene zinali ndi poizoni wa bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, anali mabungwe a oika zakudya m'zitini ndi a alimi a olivi amene analipira kafukufuku wa Karl Meyer ndi anzake ku California, ndipo ntchito imeneyo ndiyo maziko a lamulo limene mafakitale amatsata mpaka lero, lakuti chakudya cha m'chitini chopanda asidi wambiri chitenthedwe mofanana ndi madigiri 121 kwa mphindi pafupifupi zitatu pakatikati pake penipeni. Malinga ndi mbali imeneyi, pulofesa wokana makampani amadzimana mafunso enieni, makina aakulu a m'fakitale amene yunivesite singagule, ndiponso mwayi wa ntchito wa ophunzira ake, popeza ambiri mwa omaliza maphunziro a sayansi ya zakudya amakalembedwa ntchito ndi makampani omwewo.

Mfundo yawo yachiwiri ndi ya masamu chabe. Nthambi yoona zachuma mu unduna wa zaulimi wa ku America inawerengera kuti ndalama za boma zopita ku kafukufuku wa ulimi ndi zakudya zinafika pachimake mu 2002, ndipo pofika 2019 zinali zitatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kukwera mitengo kwa zinthu kutawerengeredwa. Ku bungwe la National Institutes of Health, limene limalipira akafukufuku ambiri a kadyedwe, kwa zaka zambiri pempho limodzi lokha mwa mapempho pafupifupi asanu ndilo linkapambana, kutanthauza kuti pulofesa angathe kutha miyezi akulemba chikalata chimene sichidzabweretsa kanthu. Amawonjezanso kuti ndalama za boma sizisandutsa munthu kukhala woona mtima. Brian Wansink, amene ankatsogolera labotale yofufuza khalidwe la anthu pa kadyedwe ku Cornell University, ndipo maganizo ake okonza zipinda zodyera za ana asukulu anathandizidwa ndi boma, anapezeka ndi yunivesite yakeyo mu Seputembala 2018 kuti anaphwanya malamulo a kafukufuku, ndipo magazini a bungwe la madokotala la American Medical Association anachotsa zolemba zake 6 tsiku limodzi. Chimene chinaonekera pa nkhani imeneyo sichinali dzanja la kampani inayake, koma chizolowezi chotembenuza manambala mpaka atatulutsa chinthu chokopa atolankhani, ndipo chizolowezi chimenechi chimakula paliponse pamene munthu amayesedwa ndi kuchuluka kwa zimene wafalitsa.

A mbali yokana amayankha kuti zonsezi n'zoona koma sizikukhudza pamene pali bala, popeza galu wamkota sakandira pachabe, ndipo umboni wawo wodziwika kwambiri ndi wa shuga. Mu 2016 Cristin Kearns, Laura Schmidt ndi Stanton Glantz a ku University of California, San Francisco, anafalitsa makalata akale oonetsa kuti mu 1965 bungwe la makampani a shuga lotchedwa Sugar Research Foundation linalipira akatswiri a kadyedwe a ku Harvard, amene ena mwa iwo anali Mark Hegsted ndi Robert McGandy pansi pa mkulu wawo Fredrick Stare, ndalama zokwana madola 6,500 kuti alembe kauniuni wa zimene zinkadziwika pa nkhani ya zakudya ndi matenda a mtima. Bungwelo linaona zolembazo zisanatuluke ndipo linakhutira nazo. Kauniuniyo anatuluka mu 1967 m'magazini ya New England Journal of Medicine, anapeputsa umboni woloza chala shuga, anatsindika za mafuta, ndipo sanatchule kuti ndalama zinachokera kwa eni shuga. Patapita zaka pafupifupi 50, mu Ogasiti 2015, nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti Coca-Cola inathandiza ndi ndalama kukhazikitsa gulu la maprofesa lotchedwa Global Energy Balance Network, limene linkatsindika kuti kusachita masewera olimbitsa thupi n'kofunika kukuganizira kwambiri pa vuto la kunenepa kuposa zimene munthu amadya ndi kumwa. Chakacho chisanathe University of Colorado, imene inalandira gawo la ndalamazo, inabweza madola 1 miliyoni ku kampaniyo ndipo gululo linatha.

Nkhani ziwiri zokha sizingakhale umboni wokwanira, ndipo okanawo amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amadalira kwambiri ziwerengero. Mu 2007 Lenard Lesser, David Ludwig ndi anzawo anaunika zolemba 206 zokhudza zakumwa zoziziritsa kukhosi, juwisi ndi mkaka, ndipo anapeza kuti zimene zinalipiridwa ndi makampani okhaokha zinali ndi mwayi wochuluka kuwirikiza kanayi mpaka ka 8 wofika pa mfundo yokomera wolipirayo poyerekeza ndi zimene zinalibe ndalama za makampani. Mu 2013 Maira Bes-Rastrollo ndi anzake anayang'ana makauniuni 17 okhudza zakumwa za shuga ndi kunenepa, n'kupeza kuti amene olemba ake anali ndi ubale wa ndalama ndi makampani a zakudya ankanena mowirikiza kasanu kuti palibe umboni wogwirizanitsa ziwirizo. Marion Nestle wa ku New York University anatolera kwa chaka chimodzi, kuyambira mu Marichi 2015, zolemba 168 zolipiridwa ndi makampani a zakudya, ndipo 156 mwa izo zinali zokomera olipirawo, ngakhale kuti iye mwini anavomereza kuti sanazitolere mwa dongosolo lokhwima la sayansi.

Chofunika kwambiri pa mbali imeneyi, chimenenso anthu ambiri amachiphonya, n'chakuti palibe amene akunena kuti maprofesa amapeka manambala. Kukondera kumalowa msanga, manambala asanabadwe n'komwe. Kumalowa posankha funso, pamene bungwe la alimi a mtedza wa almond kapena a mapeyala limalipira kafukufuku wofunsa ubwino wa chipatso chawo, ndipo palibe amene amalipira wofunsa ngati nyemba zotsika mtengo zingachite chimodzimodzi. Kumalowa posankha choyerekezera, chifukwa chakudya chilichonse chimaoneka chopatsa thanzi chikayerekezeredwa ndi mabisiketi otsekemera. Kumalowanso posankha chinthu choyeza, pamene mwa zinthu 20 zimene zayezedwa m'magazi chimene chasintha mokomera wolipira ndicho chimakwera pamutu wa nkhani, ndiponso posankha chofalitsa, pamene zotsatira zosasangalatsa zimangokhala mu kompyuta popanda wozilemba, osati chifukwa choti wina waletsa, koma chifukwa choti wophunzira amene ankazigwira wamaliza maphunziro ndipo palibe amene ali ndi changu chozitsiriza. Pulofesa amene wachita zonsezi angathe kulumbira ndi mtima wonse kuti kampani sinamuuze chochita, ndipo adzakhala akunena zoona.

Nkhani ya ku Harvard ija ili ndi yankho lake, limene mwachilungamo liyenera kumveka. Mu 2018 akatswiri a mbiri yakale David Merritt Johns ndi Gerald Oppenheimer analemba m'magazini ya Science kuti Hegsted ankakhulupirira kale kuti mafuta ndiwo vuto lalikulu asanalandire ndalama za shuga, kuti kulandira ndalama za makampani popanda kutchula chinali chizolowezi cha nthawiyo, ndiponso kuti kafukufuku wina wa Hegsted, amene makampani a mkaka anathandiza kulipira, anapeza zinthu zosakomera mafuta a mkaka. Yankholi limachotsa Hegsted pa mlandu wa chinyengo, koma likaganiziridwa bwino limalimbitsa mbali yokana m'malo moifooketsa, chifukwa likuonetsa kuti kampani sifunika kugula maganizo a munthu, imangofunika kupeza amene akuganiza kale zimene iyo ikufuna n'kumupatsa ndalama, ophunzira ndi mpata woti mawu ake amveke patali kuposa a anzake. Choncho funso lakuti pulofesa wakutiwakuti ndi wachilungamo kapena ayi, limene mitsutso yambiri imatayirapo nthawi, silithandiza kwenikweni.

Mbali ina ya mtsutsowu ikukhudza patenti, chiphaso cha boma chopatsa wotulukira luso ufulu woletsa ena kuligwiritsa ntchito kwa zaka zingapo pokhapokha atalipira, ndipo University of Wisconsin inaona mayankho onse awiri mwa maprofesa ake awiri. Mu 1890 Stephen Babcock anatulukira njira yosavuta yoyezera mafuta a mu mkaka, yothira asidi wa sulfuric mu mkaka wa m'kabotolo kakhosi lalitali n'kukazunguza mwamphamvu pa makina mpaka mafuta atakwera m'khosimo pamene pali mizere yowerengera. Njirayi inachepetsa chinyengo chothira madzi mu mkaka ndipo inathandiza kuti mlimi azilipidwa malinga ndi ubwino wa mkaka wake, koma Babcock anakana kutenga patenti. Patapita zaka zoposa 30, Harry Steenbock anapeza kuti kuwalitsa chakudya ndi cheza cha ultraviolet kumachulukitsa vitamini D, amene amateteza ana ku matenda ofewetsa mafupa ndi kuchititsa matewe. Iye anatenga patenti, ponena kuti akufuna kuletsa amalonda osakhulupirika kugwiritsa ntchito lusolo molakwika, ndipo mu 1925 panakhazikitsidwa bungwe la Wisconsin Alumni Research Foundation loti lizilandira ndalama za patentiyo n'kumazibwezera ku kafukufuku wa yunivesite, ntchito imene likugwirabe mpaka lero. Komabe bungwelo linkakana kupereka chilolezo kwa opanga majarini, amene anali mafuta opaka a anthu osauka, pofuna kuteteza alimi a ng'ombe zamkaka a ku Wisconsin amene ankagulitsa batala, ndipo khoti limene linathetsa mapatentiwo m'zaka za m'ma 1940 linadzudzula mchitidwe umenewu. Ovomereza ndalama amaloza malabotale ambirimbiri amene ndalama za Steenbock zinamanga, pamene okana amaloza ana a m'mabanja odya majarini, ndipo onse awiri akunena za patenti imodzimodziyo.

Umboni wa mbali zonse ziwiri ukaikidwa pamodzi, pamaoneka chinthu chimene otsutsanawo satchula kawirikawiri, chakuti zitsanzo zawo sizichokera pa mtundu umodzi wa funso. Zitsanzo zabwino za ovomereza, monga zitini za Underwood ndi olivi wa ku California, n'zokhudza kapangidwe ndi kasungidwe ka chakudya, pamene kampani imafuna yankho loona ngakhale likhale lowawa, chifukwa yankho labodza limathera pa anthu kudwala, katundu kubwezedwa kuchoka m'masitolo ndiponso milandu kukhoti. Kampani ya soseji imene yauzidwa monama kuti Listeria sikula mu soseji yake ndiyo imadzalira poyamba. Zitsanzo zoipa za okana, monga shuga ndi zakumwa, n'zokhudza ubwino kapena kuipa kwa chakudya pa thanzi la munthu m'kupita kwa zaka, pamene yankho lokomera limagulitsa katundu lero, ndipo yankholo likakhala lolakwika matenda amadzabwera patapita zaka 20 popanda amene angaloze kuti anachokera m'botolo liti. Pa mtundu woyambawo zofuna za kampani ndi zofuna za choonadi zimaloza kumodzi, ndipo pulofesa wokana ndalama zotero amangodzizunza pachabe, koma pa mtundu wachiwiri zimapatukana, ndipo apa mbali yokana ndiyo ili ndi mfundo yolimba kwambiri. Vuto lake n'lakuti malire a mitundu iwiriyi sakhala oonekera nthawi zonse, popeza kampani imene yabwera kudzafunsa mmene ingasungire mankhwala achilengedwe a m'chipatso kuti asawonongeke ndi kutentha imabweranso chaka chamawa kudzapempha kuti labotale yomweyo ionetse kuti mankhwalawo amathandiza mtima, ndipo pa nthawiyo ophunzira awiri amakhala akudya kale ndalama zake.

Njira zodzitetezera zimene mayunivesite amatsata zimathandiza, koma mosakwanira. Pangano labwino limanena kuti kampani singaletse kufalitsa zotsatira, ingangopempha kuti kufalitsako kuchedwe kwa mwezi umodzi kapena itatu kuti ichotse zinsinsi zake zamalonda kapena ikalembetse patenti, ndipo kafukufuku wokhudza anthu amayenera kulembetsedwa poyera asanayambe, pamodzi ndi chinthu chachikulu chimene adzayeze, kuti pasadzakhale kusintha cholinga zotsatira zitaoneka kale. Kafukufuku wotchedwa COSMOS, amene anachitidwa ndi akatswiri a ku Brigham and Women's Hospital ku Boston pa anthu oposa 21,000 mothandizidwa ndi kampani ya Mars yopanga chokoleti, anafalitsa mu 2022 kuti mapiritsi opangidwa kuchokera ku koko sanachepetse matenda a mtima onse pamodzi pa mlingo wotsimikizika, chimene chinali cholinga chachikulu cholembetsedwa, ngakhale kuti imfa za matenda a mtima zinaoneka zochepa. Apa dongosolo linagwira ntchito, komabe funso lakuti mwa zakudya zonse za pa dziko lapansi koko ndiye afufuzidwe pa anthu ochuluka chonchi linayankhidwa ndi kumene kunali ndalama. Ena amati ndalama za makampani zizidutsa m'manja mwa bungwe lapakati losakondera, koma njira imeneyi nayonso inagwa mu Juni 2018, pamene National Institutes of Health inaimitsa kafukufuku wa madola pafupifupi 100 miliyoni wofufuza ngati kumwa mowa pang'ono tsiku lililonse kumateteza mtima, zitadziwika kuti ena mwa akuluakulu a bungwelo ndi ofufuza anakambirana ndi makampani a mowa pokopa ndalamazo m'njira imene inaika kafukufukuyo pa chikayikiro. Kungolemba m'munsi mwa nkhani kuti ndalama zinachokera kwakuti, kumene magazini ambiri masiku ano amakakamiza, kumachenjeza wowerenga koma sikusintha funso limene linafunsidwa.

Ku Malawi mtsutsowu uli ndi nkhope ina, chifukwa makampani a zakudya okhala ndi ndalama zolipira kafukufuku wa zaka zingapo ndi ochepa, ndipo amene amalipira kwenikweni ntchito ya pa Bunda, pansi pa Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, kapena ya pa malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, ndi maboma ndi mabungwe akunja. Mayiko a mu African Union anagwirizana kuti aliyense aziika gawo limodzi pa magawo 100 a chuma chake pa kafukufuku, koma ambiri sanafikepo, choncho wosankha funso amakhalabe wakunja, ngakhale kuti alibe katundu wogulitsa. Nkhani ya chuku ikuonetsa bwino mmene zimenezi zimachitikira. Poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin, amene amapangidwa ndi nkhungu ya Aspergillus flavus mu mtedza ndi chimanga, anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa chodya zotsalira za mtedza wochokera ku Brazil. Amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo akachuluka amapha msanga, monga zinachitikira ku Kenya mu 2004 pamene anthu 125 anafa atadya chimanga choipa. European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji wokhala ndi ma mayikulogalamu oposa 4 a poizoniyu pa kilogalamu, pamene United States imalola mpaka 20, ndipo n'zomveka kuti ofuna kutukula malonda akunja amakonda kulipira ntchito yothandiza kuti mtedza wa ku Mchinji kapena ku Kasungu ufike pa muyeso umenewu.

Ntchito yotere ndi yabwino, ndipo imaphunzitsa alimi kuumitsa mtedza bwino ndi kuleka kuuwaza madzi pofuna kufewetsa makoko posenda, mchitidwe umene umapatsa nkhungu chinyezi chimene imafuna. Koma njira yaikulu yofikira muyeso wa ku Ulaya ndi kusankha, kuchotsa mtedza wofota, wosweka ndi wosintha mtundu, umene ndi umene umakhala ndi poizoni wambiri, ndipo mtedza wochotsedwawo kawirikawiri sutayidwa. Umagulitsidwa motsika mtengo, umasinjidwa n'kukhala nsinjiro zotendera ndiwo ndi zothira m'phala la ana, kapena umaperedwa n'kukhala chiponde, mmene diso silingathenso kusiyanitsa wabwino ndi woipa. Pulofesa amene akufuna kutsata mtedza wotsalawo kuchokera pa mphasa yosankhira kufika m'tipepala ta pulasitiki ta pamsika, n'kumauyeza nyengo ndi nyengo kwa zaka zambiri, amafunika mankhwala oyezera ogula ndi ndalama zakunja, magetsi osazimazima ndi wophunzira wolipidwa, ndipo funso lakelo silibweretsa phindu kwa wogulitsa aliyense. Mnzake wa ku Wisconsin akakana ndalama za kampani amataya mwina wophunzira mmodzi n'kulembanso pempho lina ku boma lake, koma iye akakana mutu umene wabwera ndi ndalama zake, nthawi zambiri sakhala ndi khomo lina logogoda, choncho chimene amachita kwenikweni ndi kuvomera mutu wa wolipirayo n'kumapatulako mabotolo angapo, maola angapo a makina ndi mutu umodzi wa buku la wophunzira wake kuti funso la nsinjiro lifufuzidweko pang'ono m'mbali mwa ntchito imene analipiridwa.